Mulungu adayamba ndi mkate ndi madzi

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-18, 2 Akorinto 1:3-11

Masiku ano mukampatsa moni mnansi wanu, kawirikawiri sayankhanso kuti ali bwino monga zidaliri kale. Wina amati, “Tikuyesera.” Wina amati, “Bola moyo.” Winanso amangoseka pang'ono n'kunena kuti, “Mukuonamu.” Ife amene tidapatsidwa udindo woima paguwa tsiku la Sabata timawaona mayankho omwewa pankhope za Akhristu. Nyimbo zikuimbidwa ndithu, chopereka chikuperekedwa, koma anthu a Mulungu atopa. Tsono funso limene tifuna tilingalire pamodzi lero ndi ili: kodi munthu wotopa chotere mpingo umuuze chiyani, ndipo chitonthozo chimene timalalikira n'chotani kwenikweni?

Zimene zatitopetsa

Tisanathamangire ku Malembo, ndi bwino tiyambe tatchula mayina a mavuto athu, pakuti bala lobisidwa silipola.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi adali ozimazima, zigayo n'kuima, amisiri owotcherera zitsulo ndi ometa n'kumangokhala manja lende. M'chaka chomwecho kudabuka kolera, imene pofika mu 2023 idali itapha anthu oposa 1,700, chiwerengero chimene matendawa adali asanafikepo m'mbiri ya dziko lino. Tisanapukute misozi, mu Malichi 2023 kudabwera namondwe Freddy. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu udakokoloka. Ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje milatho, minda ndi ziweto zidapita ndi madzi. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya makwawo. Mabanja ena mpaka lero alibe manda oti akalirepo.

Pamwamba pa izi padagwa vuto la ndalama. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Manambala amenewa angaoneke ngati nkhani ya akuluakulu a kubanki, koma amathera m'poto wa mayi aliyense. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala timagula kunja ndi madola, pamene madola athu timawapeza makamaka pogulitsa fodya, ndipo sakwanira. Kwacha ikagwa, thumba la feteleza limakwera, mtengo wa minibasi umakwera, sopo ndi mafuta ophikira zimakwera, koma malipiro a mphunzitsi ndi ndalama ya ganyu sizikwera mofanana. Kenaka mvula idadula pakati pa dzinja, chimanga n'kuuma chisanakhwime, kotero kuti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Pa 10 Juni chaka chomwecho ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo dziko lonse lidakhala pa siwa.

Mu Sepitembala 2025 tidakaponya voti ndipo boma lidasintha. Ndi chinthu chothokoza Mulungu kuti tidasinthana ulamuliro popanda nkhondo. Koma tonse tidziwa kuti ngongole ya banja siifafanizika ndi chala cha inki, ndipo mtima wosweka suchira chifukwa cha kulumbira kwa nduna zatsopano.

Namondwe wa mumtima

Pali namondwe wina amene a zanyengo salengeza pa wailesi. Ameneyu amawomba usiku, munthu ali chigonere maso ali gwa, akuwerengetsera fizi ya ana, lendi ya nyumba ndi tsiku lobweza ku banki m'khonde. Amene adakatenga katapila amadziwa m'mene ngongole imaberekera ana ndi zidzukulu mwini wake ali m'tulo. Apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka kuti anthu odzipha ndi ambiri, kuti ochuluka mwa iwo ndi abambo, ndi kuti zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Ena mwa abambowa adali akulu a mpingo, oimba kwaya, anthu amene tidadya nawo Mgonero wa Ambuye. Tidawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo adatimvera mpaka kumanda.

Kutopa komweku n'kumene kukuchititsa kuti mawu aukali achuluke m'nyumba, kuti matenda a kuthamanga kwa magazi agwire anthu akadali aang'ono, ndiponso kuti m'midzi ina agogo osalakwa azinamiziridwa ufiti, ena mpaka kuphedwa, mvula ikavuta kapena mwana akamwalira. Munthu wopanikizika amafuna woti amuloze chala, ndipo chala chimagwera wofooka.

Zitonthozo zimene sizitonthoza

Tiyenera kuvomereza mwaulemu kuti ife a mpingo, pofuna kuthandiza, nthawi zina tawonjezera katundu pa anthu olemedwa kale.

Choyamba, tatseka anthu pakamwa. Mawu athu akuti kutonthoza ndi apachibale ndi kutonthola. Mwana akamalira, mayi amamtonthoza kuti atonthole. Motero ambiri a ife tikapita kwa wovutika, cholinga chathu chimakhala chakuti aleke kulira msanga, mwina chifukwa misozi yake ikutisautsa ifeyo. Patangopita masiku ochepa Freddy atadutsa, tidapita ndi ophunzira athu a zaubusa ku msasa wina wa pasukulu. Kumeneko tidapeza mayi amene ana ake awiri adapita ndi matope. Mmodzi wa ife, ndi mtima wabwino ndithu, adayamba kuwauza kuti asalire, pakuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Mayiwo adangoyang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, “Abusa, ndamva.” Sadatonthozedwe, adangotonthola. Titatsala pang'ono kunyamuka padafika amayi anayi a Mvano, atanyamula ndowa, chitenje ndi poto wa phala. Sadalalikire. Adakhala pansi pomwepo, mmodzi n'kuwagwira dzanja, ndipo mayi aja adalira mokweza, nayamba kutchula mayina a ana awo. Pobwerera m'galimoto mudali zii, chifukwa tonse tidadziwa amene adachita ubusa tsiku limenelo.

Chachiwiri, taweruza. Tsoka likagwa sipalephera kupezeka mlaliki wonena kuti Mulungu walanga ochimwa. Kulapa n'kofunika masiku onse, koma tisamale. Pa Luka 13 Ambuye Yesu adakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, ndipo adakana kuti iwo adali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Anthu a ku Chilobwe sadali ochimwa kuposa a ku Nyambadwe kapena ku Namiwawa. Ambiri adamanga m'mphepete mwa phiri chifukwa malo abwino mumzinda ndi a anthu a ndalama, ndipo phirilo lidali litavulidwa mitengo chifukwa cha nkhuni, makala ndi malo omangapo. Ngati pali tchimo pamenepo, ndi la tonsefe amene timaphikira makala omwewo, ndi la adindo amene adaona ngozi ikubwera nakhala chete. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri amene adakhala naye osalankhula. Adalakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake akuvutika, ndipo pamapeto Mulungu adawadzudzula.

Chachitatu, ena agulitsa chitonthozo. Umphawi ukakula, msika wa zozizwitsa umakulanso. Mayi amagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti akagule botolo la mafuta kapena madzi odzozedwa, kapena kuti akafese mbewu kwa munthu wa Mulungu, ndipo zikapanda kusintha amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Abwerera kunyumba alibe mbuzi, alibenso mtendere ndi Mulungu wake. Ife tikhulupirira kuti Mulungu amachiritsa ndipo amayankha mapemphero, koma chisomo chikaikidwa pa mtengo chasiya kukhala chisomo.

Mneneri amene adapempha imfa

Tsono tiyeni tione m'mene Mulungu mwini amachitira ndi munthu wotopa. Eliya adali atangopambana pa phiri la Karimeli, moto utatsika kumwamba, mvula itagwa pambuyo pa zaka za chilala. Koma uthenga umodzi wa Yezebeli woti amupha udamugwetsa. Adathawa mpaka ku Beereseba, ndipo taonani chimene adachita kumeneko: adasiya mnyamata wake, nalowa m'chipululu yekha ulendo wa tsiku limodzi. Umu ndi m'mene nkhawa imagwirira ntchito mpaka lero. Imayamba yamupatula munthu kwa anzake. Bambo amasiya kubwera ku mlaga, foni amazimitsa, kunyumba amangoti ndili bwino. Eliya adakhala pansi pa kamtengo ka m'chipululu napempha Mulungu kuti amuchotse moyo. Baibulo silidabise zimenezi, ndipo sitiyenera kuchita manyazi kuziwerenga pamaso pa mpingo.

Yankho la Mulungu ndi lodabwitsa. Sadamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Sadamukumbutse za Karimeli. Adamuleka agone, kenaka adatuma mngelo amene adamukhudza, namuonetsa mkate wootcha pa makala ndi mtsuko wa madzi. Eliya adadya, namwa, nagonanso, ndipo Mulungu adamulola. Mngelo adabweranso kachiwiri ndi chakudya, pozindikira kuti ulendo udali wopitirira mphamvu za munthuyo. Mlengi wa thupi adziwa kuti munthu wanjala ndi wosowa tulo samva ulaliki. Amayi a Mvano aja, ndi phala lawo, adatsata dongosolo la Mulungu kuposa ife a mabuku.

Atafika ku phiri la Horebu patapita masiku makumi anayi, ndi pamene Mulungu adalankhula, ndipo adayamba ndi funso. Adamufunsa chimene akuchita kumeneko, namulola kukhuthula madandaulo ake onse, kawiri konse, osamudula mawu. Kudandaula pamaso pa Mulungu si kusakhulupirira. Masalimo ambiri ndi nyimbo za kulira, ndipo buku lathunthu la Maliro lili m'Baibulo lathu. Munthu amene akufunsa Mulungu kuti mpaka liti akadali m'manja mwake, chifukwa sitidandaula kwa munthu amene sitikumuyembekezera.

Kenaka kudadutsa mphepo yong'amba mapiri, chivomezi ndi moto, koma Malembo atiuza kuti Yehova sadali m'zimenezo. Adadza pambuyo pake, m'mawu ofatsa. Ife a m'dziko la Napolo, amene tikumbukira za ku Zomba mu 1946 ndi za ku Phalombe mu 1991, timve bwino apa. Tisafulumire kunena kuti mkokomo wa namondwe ndiwo mawu a Mulungu. Mawu ake tiwamvere m'zimene zidatsatira: anyamata amene adakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna anansi awo, mipingo ndi mizikiti imene idatsegula zitseko, mabanja amene adalandira alendo m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Potsiriza Mulungu adachita zinthu zitatu. Adakonza maganizo olakwika a Eliya, amene ankayesa kuti watsala yekha, pomuuza kuti alipo anthu 7,000 amene sadagwadire Baala. Adamupatsa ntchito yoti abwerere akaichite. Ndipo adamupatsa mnzake, Elisa, woti aziyenda naye. Yezebeli adali akadali pampando, ndipo ngozi idali isanachoke. Chimene chidasintha n'chakuti munthu amene adagona pansi kupempha imfa adaimirira nayenda.

Chitonthozo choima pambali

Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, adaulula kuti ku Asiya adapsinjika koposa mphamvu zake, mpaka adataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. M'ndime yomweyo adabwereza mawu a chitonthozo kambirimbiri. Mawu a Chigriki amene adagwiritsa ntchito, paraklesis, amanena za kuitanira munthu pambali pako kuti aime nawe ndi kukulimbitsa. Ndi muzu womwewo umene Yohane adatchulira Mzimu Woyera, amene timamutcha Nkhoswe. Makolo athu adadziwa kuti nkhoswe siithetsa mlandu ndi matsenga, koma imaonetsetsa kuti suli wekha pabwalo. Ndipo Paulo adaonjeza kuti Mulungu amatitonthoza ndi cholinga chakuti nafenso tikathe kutonthoza ena. Chitonthozo chachikhristu chili ngati madzi a mumfuleni: chikaima pa munda umodzi chimaola.

Akulu amene adaona njala ya 1949, ndi ambiri a ife amene tidaona ya 2002, pamene anthu adadya zitsa za nthochi ndi gaga, tingachitire umboni kuti amene adapulumuka ambiri adapulumukira m'manja mwa anzawo: mbale ya ufa yodutsa pa mpanda madzulo, mwana wamasiye wowonjezeredwa pa mphasa. Mpingo wa ku Antiokeya, utamva kwa mneneri Agabo kuti kukubwera njala, sudangoitanitsa mapemphero a usiku wonse. Machitidwe 11 atiuza kuti aliyense adapereka monga adakhoza, natumiza thandizo ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Tichite chiyani tsono?

M'banja, tiyambe ndi kunena zoona. Bambo, ngati muli ndi ngongole, auzeni akazi anu lero, asadzamve kwa obwera kudzalanda katundu. Mayi, ngati ya ku banki m'khonde yakukanikani, musakatenge kwina kuti mutseke dzenje ndi dzenje linzake. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kuposa maliro. Pemphero la madzulo lisathe m'nyumba chifukwa choti ndiwo zachepa, ndipo ana amve makolo awo akutchula mavuto enieni pamaso pa Mulungu, kuti adzadziwe kumene munthu amapita zinthu zikavuta.

Mumpingo, akulu ndi atumiki aziwerenga nkhosa. Munthu akasowa masabata atatu, tisayambe ndi kufunsa za chakhumi chake. Timuyendere, ndipo tikafika tifunse ngati adya ndi ngati akugona tulo. Pa zokolola za masika, gawo lina lisungidwe m'nkhokwe ya mpingo kudikira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene njala imaluma kwambiri, ngakhale zitatanthauza kuti kumanga mpanda wa tchalitchi kuchedwe chaka china. Timasonkha mofulumira pogula bokosi la maliro. Tiphunzire kusonkha munthuyo akadali moyo. Magulu a abambo akhale malo amene mwamuna angathe kunena kuti zandivuta popanda nkhani yake kumveka pa msika mawa lake.

Wina akanena kuti moyo wamukwana, kapena akayamba kutsanzika ndi kugawa katundu wake mosadziwika bwino, tisaseke ndipo tisamusiye yekha. Tikhale naye, tichotse pafupi mankhwala a mbewu ndi china chilichonse chimene angadzipweteke nacho, ndipo timuperekeze kuchipatala. Matenda a maganizo ndi matenda monga malungo, ndipo ali ndi chithandizo m'zipatala za m'maboma, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si kukana pemphero. Mulungu amene adatuma mngelo ndi mkate amatumanso dokotala ndi namwino.

Ndipo kwa olamulira, mpingo usatonthole. Kutonthoza ovutika n'kumakhala chete pamene chimanga cha thandizo chikubedwa, kapena pamene anthu akubwerera kukamanga m'malo omwe adakokoloka chifukwa sadapatsidwe kwina, ndi kupukuta magazi bala likali lotseguka. Eliya adabwezedwa ku dziko la Ahabu kukapitiriza kulankhula.

Kwa inu amene mwatopa

Mwina mukuwerenga izi muli pansi pa kamtengo kanu, ndipo simudauze munthu. Sitikulonjezani kuti mawa mitengo ya zinthu itsika, kapena kuti ngongole yanu isowa mozizwitsa. Chimene tingakuuzeni motsimikiza n'chakuti Mpulumutsi wanu akudziwa usiku wotere. M'munda wa Getsemane moyo wake udazingwa ndi chisoni, ndipo Iye, Mwana wa Mulungu, sadabise. Adapempha abwenzi atatu kuti achezere naye. Chikho sichidachotsedwe, koma Luka atiuza kuti mngelo adadza kudzamulimbitsa. Adapita pa mtanda, adaikidwa m'manda, ndipo tsiku lachitatu adauka. Chifukwa cha ichi tidziwa kuti matope a Soche, madzi a Shire ndi buku la wakatapila sizili ndi mawu otsiriza pa moyo wa mwana wa Mulungu.

Lero idyani chimene chilipo, gonani, ndipo mawa muuzeko munthu mmodzi wokhulupirika zimene zili mumtima mwanu. Inu amene mwatsala ndi kamphamvu pang'ono, yang'anani nyumba imene utsi sudafuke dzulo, ndipo mupiteko musanapite ku mapemphero.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu amene mudadyetsa mtumiki wanu m'chipululu musanamulankhule, yang'anani anthu anu otopa m'dziko lino. Kumbukirani amene alibe manda olirapo, amene ngongole yawalanda tulo, ndi amene akuganiza zotaya moyo usiku uno. Tikhululukireni pamene tidatontholetsa olira m'malo mokhala nawo. Patsani atsogoleri athu mtima woopa Inu, ndipo tipangeni ife kukhala manja onyamula mkate ndi madzi kwa anansi athu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.